Tiwailesi Tolondola Katundu: Phindu Lake Lili Pati?

Pa 2 August 1990 asilikali a dziko la Iraq analowa mwankhondo m'dziko la Kuwait. Patangopita masiku ocepa, dziko la America linayamba kutumiza asilikali ake ku Saudi Arabia, ndipo pofika kuciyambi kwa 1991 anali atapitirira 500,000. Khamu lotere silikhalira mfuti zokha. Lifuna cakudya, madzi, mankhwala, mahema, nsapato, matayala ndi zitsulo zokonzera magalimoto ndi ndege. Zambiri mwa izi zinadza panyanja m'mabokosi akulu-akulu acitsulo aja ochedwa makontena, onga amene amaoneka pa malole mu mseu wa Great East, kulinga ku Chipata ndi ku malire a Mwami.

Makontena okwanira ngati 40,000 anatumizidwa, ndipo ambiri anatsikira pa madoko a Dammam ndi Jubail. Pamenepo ndi pamene bvuto linaonekera. Kontena ikatsekedwa imangofanana ndi inzake, ya mankhwala ndi ya matayala osazisiyanitsa. Mapepala osonyeza za m'kati ena anafika mocedwa, ena anasocera, ena analembedwa mwacidule kotero kuti sanathandize munthu. Motero makontena oposa theka anacita kutsegulidwa imodzi-imodzi, pa dzuwa la m'cipululu, kuti asilikali angoona cabe cimene cinali m'katimo. Katundu anaunjikana mpaka eni ake anayamba kuchula miluyo kuti mapiri a zitsulo.

Cimene cinatsatira ncosabvuta kucimvetsa. Makaniko amene galimoto yake yaima cifukwa ca citsulo cimodzi amaitanitsa citsuloco. Akadikira masabata awiri osaciona amaganiza kuti cinatayika, naitanitsa cina. Pena amaitanitsa kacitatu. Zonse zitatu zimafika, zimalowa mu mulu womwe uja, ndipo mulu ukamakula ndi pamene kupeza kanthu kumabvutira-bvutira. Nkhondo itatha mu 1991, ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma la America, yochedwa GAO, inawerengera kuti zitsulo zokonzera makina za madola 2.7 biliyoni sizinagwire nchito konse.

Katundu ameneyo sanapse, sanamire m'nyanja. Analipo ndithu, koma mwini wake sanadziwe pamene ali, ndipo cinthu cimene mwini sadziwa pamene cili amacigula kawiri. Mlimi amene anagulapo cheni ca ng'ombe catsopano m'mwezi wa November, ndi kudzacipeza cakale pansi pa matumba m'mwezi wa May, adziwa bwino kupweteka kwake. Malonda onse a tiwailesi tolondola katundu anamera pa kupweteka kumeneku.

Belu ndi cizindikiro

Woweta ng'ombe ali ndi njira ziwiri zodziwira ciweto cake. Yoyamba ndi cizindikiro cotentha ndi citsulo ca moto. Ici sicitha, sicifuna kucisamala, koma sicilankhula: munthu ayenera kufika pafupi ndi ng'ombeyo ndi kuyang'ana pa nchafu. Njira yaciwiri ndi belu la m'khosi. Belu limadzilengeza lokha, ndipo mbusa amalimva ng'ombe ili kuseri kwa culu kapena m'kati mwa chire.

Tizipangizo ta wailesi tomata pa katundu tilinso ta mitundu iwiri yomweyi. Tina tilibe batire. Timakhala cete mpaka makina owerengera atafika pafupi ndi kutipatsa mphamvu, ndipo pamenepo timayankha nambala yake. Tina timawerengeka pa utali wa cikhato, tina pa mamita owerengeka. Mtengo wa toterewu ndi wocepa, tambiri ndi masenti cabe a ku America. Tinato tili ndi batire yake-yake ndipo timatumiza mau tokha, kufika mamita 100 kapena kuposerapo. Batireyo, pa tambiri, imakhala zaka zitatu kufikira zisanu. Iti ndi timene tifanana ndi belu, kungoti kulira kwake sikumveka ndi makutu koma ndi makina.

Anthu a ku Malambo anationapo kale, ngakhale kuti si pa katundu. Mikango ina ndi mimbulu ya m'cigwa ca Luangwa imayenda ndi lamba m'khosi, wobvekedwa ndi akatswiri a bungwe la Zambian Carnivore Programme. M'lambamo muli kawailesi ndi batire. Wofufuza amanyamula kamlongoti m'manja, naloza uku ndi uku, ndipo kumene kulira kukula ndi kumene kuli nyama. Njira imeneyi yathandiza kupeza msanga nyama zokodwa m'misampha ya waya, kuti dokotala wa zinyama acotse wayayo isanadule mwendo. Kawailesi ka pa kontena ndi mbale wake wa lamba ameneyu.

Kukula kwake ndi ngati mtanda waufupi wa sopo. Kontena ikamapakiridwa, kalaliki amalemba m'kawailesimo nambala ya kontena, kumene icokera, kumene ipita, ndi mndandanda wa zonse za m'kati. Pa zipata za madoko, za mabwalo a ndege ndi za nyumba zosungira katundu amaimika makina owerengera. Lole ikapita pa cipata, popanda kuima ndi popanda munthu kulemba kanthu, makinawo amamva kawailesiko natumiza mbiri ku kompyuta ya ku likulu kuti kontena yakuti yapita pamalo pakuti pa ora lakuti. Munthu wofuna katundu pa bwalo lodzaza angathenso kuyenda ndi makina a m'manja ndi kufunsa kuti matayala ali m'kontena iti, osathyola loko ngakhale imodzi. Tina tili ndi kabelu kolira ndithu, koti wofunayo atsate ndi makutu.

Kampani imene inachuka ndi nchitoyi ndi Savi Technology ya ku California, yoyambidwa mu 1989 ndi Rob Reis. Codabwitsa ncakuti ganizo lake loyamba silinali la katundu ai, koma la ana osocera: anafuna kuika kawailesi m'nsapato za mwana. Malonda a nsapato sanapite patali, koma asilikali amene anali atangocoka ku mapiri a zitsulo aja anaona cimene anali kufuna. Mu 1994 anapangana ndi kampaniyo, ndipo tiwailesi tinayamba kuyenda ndi katundu wopita ku Bosnia ndi kwina. Mu 2002, pokonzekera nkhondo yaciwiri ya ku Iraq, General Tommy Franks analamula kuti makontena onse opita ku dera lake akhale ndi kawailesi. Pofika 2006 kampani ya Lockheed Martin inagula Savi ndi madola pafupi-fupi 400 miliyoni.

Pamene zinakhota

Ogulitsa makina amakonda kulekezera nkhaniyi pamenepa, koma ili ndi mbali ina imene wogula ayenera kuimva. M'mwezi wa December 2003 ofesi yomwe ija ya GAO inaulula kuti panali kusiyana kwa madola 1.2 biliyoni pakati pa katundu wotumizidwa kwa asilikali a ku Iraq ndi katundu amene iwo anabvomera kuti walandiridwa. Tiwailesi tinalipo, nanga cinabvuta nciani? Makontena ena anapita opanda kawailesi. Malo ena analibe makina owerengera okwanira. Asilikali ena sanaphunzitsidwe kagwiritsidwe kake. Ndiponso kontena ikafika pa malo ogawira katundu ndi kutsegulidwa, za m'kati zinali kugawidwa pa malole osiyana-siyana, ndipo kuyambira pamenepo kawailesi kanatsala pa bokosi lopanda kanthu. Belu linali pa khola, ng'ombe zitapita.

Mu 2006 ofesiyo inapezanso cina. Kawailesi kamodzi kanali kugulidwa pafupi-fupi madola 100, ndipo kanapangidwa kuti kagwire maulendo ambiri, kungosintha batire ndi kulembamo zatsopano. Koma tambiri tinagwira ulendo umodzi kapena iwiri basi, pakuti panalibe lamulo lokakamiza wolandira katundu kuti akabweze. Boma linapitiriza kugula tatsopano, takale tili gone m'nyumba zosungira katundu. Ndiye kuti kacipangizo kogulidwa kuti katundu asasowe kanakhala nako katundu wosowa. Ili ndi bvuto lodziwika bwino kwa aliyense amene anabwereketsapo matumba opanda kanthu pa nthawi yokolola.

Masamu a wamalonda

Funso loti kawailesi kapindulitsa kapena ai liyankhidwa ndi masamu, ndipo masamu ake ndi ocepa. Thumba la cimanga la makilogalamu 50 silifika pa mtengo wa madola 100, cotero womata kawailesi kotere pa thumba liri lonse ndiye kuti wagula belu loposa ng'ombe. Koma lole ya matani 30 imanyamula matumba 600. Kawailesi kamodzi pa lole yonseyo kadya masenti osakwana 17 pa thumba pa ulendo woyamba, ndipo kakayenda maulendo makumi awiri mtengowo ungotsala dzina. Ncifukwa cake tiwailesi ta batire timapezeka pa zinthu zikulu-zikulu zoyenda-yenda ndi zobwerera: makontena, ngolo za malole, makina a pa migodi ndi a pa miseu. Zinthu zazing'ono za m'sitolo, monga malaya ndi nsapato, zimamatidwa topanda batire tija.

Koma mtengo wa kawailesi ndi ciyambi cabe. Makina owerengera ndi okwera mtengo kuposa kawailesi, afuna magetsi usana ndi usiku, afuna njira yotumizira mau ku kompyuta, ndiponso afuna munthu wolipidwa woyang'ana cimene kompyutayo ikunena. Pa malo amodzi ocingidwa, pamene zinthu zambiri zamtengo zimasokonekera tsiku ndi tsiku, zonsezi zimabweza ndalama msanga. Mafakitale a magalimoto amapeza nato galimoto imodzi pakati pa zikwi zoimikidwa pabwalo. Zipatala zikulu za maiko olemera zimamata tiwailesi pa mipando ya odwala ndi pa makina othira mankhwala m'mitsempha, ndipo kawiri-kawiri zimapeza kuti makina amene zinali kufuna kugula zinali nawo kale, atangoiwalika m'cipinda cina. M'migodi ina kawailesi kamakhala pa nyali ya cisoti ca wanchito, kuti pakagwa ngozi pansi adziwike amene watuluka ndi amene watsala. Apo phindu lake siliwerengedwa ndi ndalama zokha.

Dziko la Zambia lilibe doko la pa nyanja ya mcere. Katundu wake wocokera kutsidya kwa nyanja amatsikira ku Dar es Salaam, Beira, Nacala, Durban kapena Walvis Bay, ndi kuyenda masiku ambiri pa mseu kapena pa njanji. Njanji ya TAZARA yokha, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi makilomita 1,860. Pa mtunda wotere wamalonda amene sadziwa pamene pafika katundu wake amadziteteza mwa njira imodzi yokha: amasunga katundu wambiri kuposa amene afuna, ndipo ndalama zogona m'nyumba yosungira amazibweza pokweza mtengo. Wolipira potsiriza ndi wogula wa ku Katete kapena wa ku Lundazi. Kwa mlimi kucedwa kumapweteka koposa apa. Fetereza wofika mvula itapita kale ndi wolemera cimodzi-modzi pa sikelo, koma m'munda sacita cimene akadacita pa nthawi yake. Woyang'anira depoti amene adziwa kuti lole yakhala masiku anai pa malire angathe kufunsa cifukwa cake lero, kapena kupempha katundu ku depoti ina. Amene sadziwa amangouza alimi kuti abwerenso Lolemba.

Maiko a Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba mu 2017 kulondola pamodzi malole ocokera ku doko la Mombasa. A msonkho amatseka kontena ndi loko ya batire, imene imadziwa malo ake kupyolera mu setilaiti ndi kutumiza mau pa netiweki ya mafoni. Lole ikapatuka pa mseu wobvomerezedwa, ikaima nthawi yaitali, kapena loko ikasokonezedwa, ku likulu kumadziwika pomwepo. Colinga cake ndi kuletsa cinyengo cakale ca katundu wolembedwa kuti apita ku dziko lina koma ndi kutsitsidwa m'njira wopanda msonkho. Cofunika kuona pa makonzedwe amenewa ncakuti anaikanso magulu a anthu ndi magalimoto m'mbali mwa mseu, okonzeka kuthamangira kumene loko yalira. Popanda iwo loko ikadangolira m'cipululu.

Cinanso ncakuti kawailesi kamanena cimene kanauzidwa. Kalaliki akalemba matumba 600 pamene wapakira 580, kawailesi kadzalengeza 600 pa cipata ciri conse, mokhulupirika, mpaka kumapeto kwa ulendo. Bungwe la alimi limene mabuku ake ali osokonekera, sikelo yake yokayikitsa, makiyi a shedi ali ndi anthu asanu, silidzapeza cipulumutso m'makina awa. Liyambe lakonza mabuku, pakuti kutero kufuna pensulo cabe.

Nanga pa ng'ombe?

Cuma coyenda ca munthu wa kumudzi ndi ng'ombe, ndipo mbala zimadziwa zimenezi. Pamene pali mantha, ogulitsa sacedwa kufika, cotero mpofunika kusiyanitsa zimene agulitsa.

Dziko la Botswana, pofuna kusunga msika wake wa nyama ku Ulaya, linayamba ca m'ma 2001 kumwetsa ng'ombe kacipangizo kokhala m'mimba moyo wake wonse, ndipo pambuyo pake linasinthira ku tomata pa khutu. Namibia nayonso imamata pa khutu. Tonseti tilibe batire. Timathandiza kwambiri pa msika, pa malo ophera nyama ndi pa cipata ca apolisi, pakuti makina akayandikira amaonetsa nambala ya ng'ombe, ndipo kompyuta imachula mwini wake ndi dera limene icokera. Pakabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limatha kutsata kumene ziweto zapita. Koma kotere sikangauze mwini ng'ombe usiku kuti ciweto cake cili kuoloka mtsinje wakuti. Ndi cizindikiro, si belu. Wogulitsa amene anena kuti kacipangizo ka pa khutu kopanda batire kadzalondola ng'ombe yobedwa ali kunama, kapena iye mwini sadziwa cimene agulitsa.

Palinso tina tozungulira ngati ndalama yacitsulo, monga AirTag ya kampani ya Apple imene inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 29. Aka kali ndi batire yokhala ngati caka cimodzi, koma mau ake safika patali. Kamadalira mafoni a kampani yomweyo a anthu opita pafupi, amene amamva kulira kwake ndi kuuza mwini. M'mizinda yodzaza ndi mafoni otero kamapeza cikwama cotayika pa bwalo la ndege. Ku dambo la kumudzi, kumene foni yotero ingathe kusapita mwezi wathunthu, kamalira popanda wokamva.

Cimene cingalondoledi ciweto patali ndi lamba wa m'khosi wa mtundu wa loko za ku Mombasa zija, wodziwa malo ake ndi setilaiti ndi kutumiza uthenga ku foni ya mwini. Mtengo wake suthera pogula. Afuna netiweki kumene ng'ombe zimadya, afuna ndalama za mwezi ndi mwezi zotumizira mauthenga, ndipo batire yake imatha msanga kuposa ya kawailesi wamba, ngakhale kuti ena ali ndi kasola kocajira. Popeza ng'ombe zimayenda pamodzi, sikufunika kubveka zonse; imodzi kapena ziwiri zotsogolera zikwanira, monga momwe abusa amacitira ndi belu. Mabanja amene amadyetsa ziweto zao pamodzi angathe kusonkherana mtengowo, ndipo kwa munthu amene ulimi wake wonse uli pa ng'ombe ziwiri za pa goli, kuzitaya m'mwezi wa November ndi kutaya caka. Koma khola limene likutha ndi cigodola, osati ndi mbala, lifuna dibi ndi katemera. Lamba adzangosonyeza malo pamene ng'ombe yafera.

Ndiponso lamba salimbana ndi mpeni. Mbala yocenjera imamudula ndi kumutaya m'chire. Cimene mwini ng'ombe amatsala naco ndi ora ndi malo pamene lambayo analekera kuyenda, kotero kuti otsata mapazi m'mawa amayambira pamenepo m'malo moyambira pa khola.